Tikiti ya amayi yopita ku Manchester: mawu a ejentiwa akutanthauza chani, ndipo imatchipa mwezi uti?

NaBanda wa ku 25

Moni nonse muno. Amene mumadziwa za maulendo a pandege ndithandizeniko chonde, nkhaniyi yandiimitsa mutu sabata yonseyi.

Mng'ono wanga amakhala ku Manchester, amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye anachira mu Ogasiti, mwana wamkazi. Amayi mdzukulu wawoyu amangomuonera pa foni basi, nde ife ana tinagwirizana zoti tisonkherane apite akamunyamuleko ndi manja awo, akakhale mwezi umodzi kapena iwiri. Tonse timaganiza za Khrisimasi poti ndi nthawi imene mlamu wathu amapezako masiku opuma. Ndinapita kwa ejenti wina mtauni muno, wanditumizira kotesheni pa WhatsApp koma abale inu mtengo wake ndinachita kukhala pansi, komanso zolembedwazo theka sindikuzimva. Pali LLW ADD MAN, kenako layover, kenako 2PC, pansi pake non-refundable, change fee plus fare difference, no-show penalty, ndiye kumapeto walemba kuti TTL mawa 5 koloko ndipo akungondiimbira kuti ndilipire lero lomwe mipando ikutha. Pa nthawi yofikira ku Manchester pali ka +1, kameneka nkachani?

Achimwene athu apeza ina pa intaneti yotchipa kwambiri kuposa ya ejentiyo koma yalembedwa self-transfer, ikudutsa ku Johannesburg kenako Doha. Iwo akuti tigule yomweyo tisachedwe.

Amayi ali ndi zaka 67, sanakwerepo ndege, chizungu amamva pang'ono koma kuyankha kumawavuta, komanso amamwa mankhwala a BP. Viza sitinafunsire. Ndalama yake ndi yosonkha, wina wagulitsa mbuzi wina wakatenga ku banki m'khonde, sindikufuna ilowe m'madzi. Ndiye mawu amenewa akutanthauza chani kwenikweni, ndipo ulipo mwezi umene tikiti yomweyi imatsika? Ena akuti dikirani low season, low season yo imayamba liti?

Wamatikiti

Achemwali choyamba mtima m'malo, musalipire mawa. Ndinagwirapo ntchito yogulitsa matikiti ndiye ndikuuzani mmene zimakhalira mkatimo. TTL ija ndi nthawi imene kampani ya ndege yamupatsa ejenti kuti mpando umene wasungitsawo ukhale utalipiridwa, ikakwana osalipira mpando umangobwerera pa msika, inu simuluza ngakhale tambala ndipo mkuja akhoza kusungitsanso wina. Mtengo ukhoza kusintha inde, koma zimenezo ndi zazing'ono poyerekeza ndi kugula tikiti ya non-refundable amayi alibe viza. Non-refundable ndiye kuti mukasintha maganizo kapena viza akakukanizani ndalama ya tikitiyo sibwerera, chimene mungapemphe ndi misonkho ina ya pa eyapoti imene sinagwire ntchito, nayonso imabwera mochedwa ndipo ndi kangachepe. Makampani ena amabweza mukaonetsa kalata yokanizidwa viza koma si onse ndipo si pa tikiti iliyonse, ejenti akuonetseni pamene zalembedwa, za pakamwa ayi.

Change fee plus fare difference anthu ambiri amangomva mbali yoyambayo. Mukafuna kusintha tsiku mumalipira ziwiri, chindapusa chosinthira, kuphatikizapo kusiyana kwa mtengo umene munagulira ndi mtengo umene ulipo pa tsiku latsopanolo. Apa ndikhalepo pang'ono chifukwa mpamene pagona nkhani yonse ya mitengo. Mu economy mipando imaoneka yofanana, chakudya chimodzimodzi, bulangeti chimodzimodzi, koma mu kompyuta inagawidwa m'magulu a zilembo, gulu lililonse mtengo wake ndi malamulo ake. Yotchipa imakhala yochepa ndipo ndi imene imayamba kutha, ikatha kompyuta imangokwera pa gulu lotsatira, nchifukwa chake anthu awiri okhala moyandikana mu ndege imodzi amakhala atalipira mitengo yosiyana kutali. Nde amayi akakafika uko nkunena kuti ndikhaleko masabata ena awiri, tsiku latsopanolo nkugwera pamene magulu otchipa atha, fare difference yo ikhoza kuposa chindapusa chenichenicho. Kwa munthu wamkulu amene akupita kukaona khanda ine ndimalangiza kuonjezerako pang'ono nkugula tikiti yosinthika mosavuta, chifukwa agogo akakhala pa mdzukulu tsiku lobwerera silichedwa kusuntha.

No-show ndi pamene munthu sanafike pa ndege komanso sanadziwitse. Kupatula chilango cha ndalamacho, choopsa nchoti kompyuta imafufuta ulendo wonse wotsala, wobwerera womwe. Ndiye kukagwa zadzidzidzi, kaya maliro kaya matenda, imbani ndege isananyamuke, musadikire mawa lake.

LLW ndi KIA, eyapoti ya Kamuzu ku Lumbadzi, ADD ndi Addis Ababa, MAN ndi Manchester, ukaona BLZ ndi Chileka. Palibe ndege yochoka kuno kukafika ku UK osasintha, umadutsa ku Addis ndi Ethiopian, kapena Nairobi ndi Kenya Airways, kapena Johannesburg. Layover ndi maola odikira posintha ndege, zikapitirira maola 24 ndiye amati stopover. Ku Addis ndege zambiri za ku Ulaya zimanyamuka chapakati pa usiku, nde amayi achoka kuno masana, afika ku Addis madzulo, adikira maola angapo mkati mwa eyapoti momwemo osafuna viza, nkukafika mmawa wa tsiku lotsatira, ka +1 kaja nkameneko. Nthawi zonse zolembedwa pa tikiti ndi za malo amene ndege ili, Addis ili patsogolo pathu ndi ola 1, UK ili kumbuyo ndi maola 2 nthawi yozizira, ola 1 nthawi yawo yotentha. Izi muwauze bwino okawachingamirawo. Komanso mukaona mawu oti direct musaganize kuti ndege siima, direct imatha kutera pena kutsitsa ndi kukweza anthu inu muli momwemo, yosaima kwina kulikonse ndi non-stop.

2PC ndi zikwama 2 zopita kunsi kwa ndege, chilichonse chisapitirire makilo 23. Sizoti muphatikize nkupanga chimodzi cha 30 china cha 16 ayi, cha 30 cho akulipiritsani kapena mukhala mukumasula pa sikelo pomwepo anthu ali pa mzere, usipa ndi zitenje zili mbwee pansi. Chikwama cha m'manja ku Ethiopian ndi makilo 7. Matikiti ena otchipa a pa intaneti amakhala 1PC kapena 0PC, ndiye mtengo umaoneka wabwino mpaka mutaonjezera wa katundu.

Tsopano ya achimwene anuyo. Ayi, kwa amayi ayi ndithu. Self-transfer ndi matikiti awiri osadziwana amene webusaiti yangowalumikiza. Ku OR Tambo, eyapoti ya ku Johannesburg, amayi akuyenera kutuluka ku imigireshoni, kukatenga zikwama zawo pa lamba, kuzikoka okha kukafuna kauntala ya kampani inayo, kuyezetsanso, kulowanso. Ndege yochoka ku Lilongwe ikachedwa nkuiphonya yachiwiriyo, kampani yachiwiri imangoti no-show, sizikuwakhudza, mugule ina. Pamene tikiti ikakhala imodzi zikwama amazimata pepala la MAN pa KIA pomwe ndipo amakazionera ku Manchester, akaphonya ndege chifukwa cha kuchedwa kwa kampani ndi udindo wa kampaniyo kuwaika pa ina. Musasokoneze ndi operated by, imeneyo ndi tikiti imodzi koma ndege yokwera ndi ya kampani ina yogwirizana nayo, ilibe vuto bola amayi adziwe dzina loti ayang'ane.

Pogula muuze ejenti aikemo wheelchair assistance, ndi yaulere. Ngakhale amayi amayenda bwinobwino, eyapoti ya Addis usiku imadzadza ndipo mageti amasintha, munthu wowakankhayo ndi amene amawafikitsa pa geti yoyenera, za chizungu zija sizivutanso.

Chomaliza ndipo ichi musachiiwale. Pepala lokhala ndi dzina, masiku ndi kodi ya zilembo 6 si tikiti, ikhoza kukhala buking'i chabe yosalipiridwa. Tikiti yeniyeni ili ndi nambala ya manambala 13, ya Ethiopian imayamba ndi 071, ya Kenya Airways 706. Mukalipira tengani kodi ija ndi dzina la bambo la amayi mulowetse pa webusaiti ya kampani ya ndegeyo muone ngati nambalayo ikuoneka. Ndinaonapo banja litafika pa KIA ndi minibasi yodzadza operekeza, pa kauntala nkuuzidwa kuti mpando unafufutidwa kalekale, amene anawagulitsa foni atazimitsa.

Anti wa ku Salford

A NaBanda mwachita bwino kufunsa musanapereke ndalama. Za mawuzo afotokoza kale achimwenewa, ine ndinene za nyengo poti ndili konkuno ndipo amayi anga anabwerapo.

Low season si mwezi umodzi wokhazikika, imatengera kuti ndege ikudzadza liti komanso ikulowera kuti. Zili ngati chimanga, mu Meyi aliyense ali nacho mtengo uli pansi, mu Febuluwale chomwecho thumba silikugwirika. Chimene chimadzadzitsa ndege za kuno ndi holide za sukulu za kuno. Ana amatsekera kumapeto kwa Julayi mpaka kumayambiriro kwa Sepitembala, imeneyo ndi peak, nthawi yodula kwambiri, aliyense wa ana akupita kwawo, a ku Malawi, a ku Zimbabwe, a ku Zambia, a ku Kenya tonse timakumana pa Addis pomwepo. Kenako Khrisimasi, kenako masabata awiri a Isitala, ndipo Isitala imasuntha chaka ndi chaka, pena kumapeto kwa Malichi pena mkati mwa Epulo, muziyang'ana pa kalendala. Palinso ka sabata kamodzi ka half term, kopumula ana pakati pa temu, mkati mwa Febuluwale, kumapeto kwa Meyi ndi kumapeto kwa Okutobala, nakonso kamakweza. Pakati pa peak ndi low pali imene amati shoulder season, mitengo yapakatikati.

Koma chimene anthu ambiri sachiganizira ndi mbali imene khamu likulowera. Mu Disembala kuyambira chapakati anthu akuchoka kuno kupita kumudzi, sabata yoyamba ya Januwale onse aja akubwerera kuno ku ntchito ndi ku sukulu. Ndiye kwa amayi masiku oipa kwambiri ndi kunyamuka ku Lilongwe kumayambiriro kwa Januwale kapena kumapeto kwa Ogasiti, komanso kunyamuka ku Manchester masiku oyandikira Khrisimasi kapena kumapeto kwa Julayi. Ngati mwatsimikiza za Khrisimasi, abwere kumapeto kwa Novembala adzabwerere kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, ulendo wobwera ndi wobwerera womwe wazemba khamu. Muuzeni ejenti akuonetseni masiku angapo osati limodzi, mudzaona nokha kusiyana. Kunyamuka mkati mwa sabata kawirikawiri kumatsikako kuposa Lachisanu kapena Lamlungu.

Koma ine kunena zoona Disembala kwa munthu wa zaka 67 wochokera ku Lilongwe sindingavomereze. Kuno 4 koloko masana kumakhala kutada kale, kumacha mochedwa cha m'ma 8, mvula yowaza tsiku lonse, pansi pena poterera. Amayi anga anabwera nthawi imeneyo anangokhala pa mpando pafupi ndi hita, ife tili ku shifiti, iwo kuyang'ana pa windo, maondo akuwawa, anayamba kufunsa za kubwerera masabata asanathe. Ndipo musaiwale kuti ntchito ya care ilibe Khrisimasi, mng'ono wanuyo akakhala atabwerera ku ntchito akhoza kukhala pa rota tsiku lomwelo. Meyi ndi Juni ndiye nthawi yabwino, dzuwa limalowa 9 koloko itadutsa, atha kumuika mwana mu pulamu nkumazungulira ku paki, ndipo matikiti amakhala asanafike pa mtengo wa Julayi bola adzabwerere sukulu zisanatseke.

Za viza, ndi Standard Visitor, amapereka ya miyezi 6, mutha kufunsira pakatsala miyezi 3 kuti anyamuke osati kale kuposa apo, yankho kawirikawiri limatenga masabata 3 koma nthawi yotanganidwa limachedwa. Safuna kuti mukhale mutagula tikiti, mumangolemba masiku amene mukuganiza. Ndiye viza kaye, tikiti pambuyo. Muwagulirenso inshuwalansi ya paulendo ndipo mutchule za BP yo pogula, chifukwa mlendo akagonekedwa m'chipatala kuno NHS, ya zipatala za boma, imalipiritsa, bilu yake si yamasewera.

Mu zikwama ufa, mpunga wa Kilombero, Nali ndi usipa wouma zimalowa, nsomba amaloleza mpaka makilo 20 munthu mmodzi. Nyama ndi za mkaka ayi, ngakhale yowamba bwanji.

Kamnyamata ka Ndirande

Anti njira yake ndi yogula Lachiwiri pakati pa usiku, ndi pamene amatsitsa.  Kapena kudikira kutatsala masiku awiri amagulitsa motaya mipando yotsala

Wamatikiti

Mphwanga zodikira masiku awiri zo usawauze amayiwa chonde. Pa njira zathuzi ndege ndi zochepa, kukatsala masiku ochepa kumakhala kwatsala magulu odula okhaokha aja ndanena. Za Lachiwiri usiku, mtengo umasintha nthawi iliyonse mipando ikamagulidwa kapena ma buking'i osalipiridwa akamafufutidwa, ulibe tsiku. Tsiku limene limasintha mtengo kwambiri ndi lonyamuka osati logula. Viza ikangotuluka, pakadali miyezi iwiri kapena kuposerapo, gulani.

NaBanda wa ku 25

Zikomo kwambiri abale, mwanditsegula m'maso. Ejenti uja ndamuuza kuti tidikira viza, wayankha mozizira koma basi. Ndawaimbiranso amayi kuwauza za kumapeto kwa Novembala, akana okha, akuti ndichoke nthawi yodzala munda ndisiyire ndani, fetereza wothira kachiwiri adzandiyang'anira ndani. Za Meyi zo akuti bola akolole kaye aike m'matumba athire mankhwala. Nde zikuoneka ngati tipanga kumapeto kwa Meyi kubwerera kumayambiriro kwa Julayi, mwana adzakhala akukwawa. Funso lina, ndibwino tigule kuno ndi makwacha kapena mng'ono wanga agule konko? Ndikuopa kuti pofika Malichi ndalama tasonkhayi idzakhala itachepa mphamvu.

Mjoni wa ku Turffontein

Mwayankhidwa bwino mayi, ine ndingoonjezera za ife a pa basi poti ena akuwerenga muno ali kuno ku Joni ndipo nkhani yake ndi yomweyi. Makampani a zomangamanga ndi mafakitale ambiri amatseka chapakati pa Disembala, ndiye kuyambira pamenepo ku Park Station kokwerera mabasi sipaponda phazi, tikiti ya Blantyre kapena Lilongwe imakwera, katundu naye amakwera, ndipo pa Beitbridge mutha kutha tsiku lathunthu basi ili pa mzere dzuwa likuswa mtengo. Mukadutsa apo pali Nyamapanda, Tete, kenako Zobue ndi Mwanza kapena Dedza, paliponse anthu ali thithithi. Mu Januwale zimatembenuka, yodula ndi yochoka kumudzi kubwera kuno. Isitala chimodzimodzi koma masiku ochepa.

Amene abwana anu amamva, pemphani livu mu Febuluwale, Meyi kapena Sepitembala. Basi imakhala ndi mipando, pa boda mumadutsa msanga, ndipo ndalama imene mukanaonjezera pa tikiti mumakasiyira makolo. Ine ndimakonda Meyi chifukwa kumudzi kumakhala chakudya, mbatata, nzimbe, mtedza, anthu ali osangalala. Ngati Disembala siingalephereke gulani yopita ndi yobwerera pamodzi mu Okutobala, ndipo katundu wolemera ngati mafiriji ndi mabedi mutumize pa thiransipota mu Novembala inu mudzayende ndi chikwama chimodzi. Funsaninso bwino za makilo, pa basi amayeza ndipo oonjezera amalipiritsa pa kilo.

A pandege nawo ya Johannesburg kupita Chileka kapena KIA pa Malawi Airlines ndi Airlink imatsata kalendala yomweyi, musaganize kuti ndege ndiye ilibe Disembala.

Mphunzitsi wa ku Zomba

Pepani a NaBanda ndilowerere pa nkhani yanu poti akatswiri asonkhana. Ife tikufuna kupita kunyanja ndi akazi anga tikakumbukire tsiku la ukwati wathu, loji ina ku Mangochi yatitumizira mitengo yalemba pps, DBB, single supplement, kwina rack rate kwina resident rate, kwinanso green season special. Mtengo walembedwawo ndi wa chipinda kapena wa munthu? Sindikufuna ndikachite manyazi pa risepishoni.

Wa pa risepishoni

Aphunzitsi mwafunsa malo oyenera, ine ntchito yanga ndi yomweyi, ndagwirako kunyanja komanso ku loji ya ku nkhalango. Pps ndi mtengo wa munthu mmodzi pamene mukugona awiri m'chipinda, ndiye inu ndi mayi muchulukitse kawiri, kenako muchulukitse ndi masiku ogona. Apa mpamene anthu ambiri amakhumudwira potuluka, amabwera atawerengera theka, ndipo zimandimvetsa chisoni kumuona bambo akutuluka panja kukaimba foni yobwereka ndalama mkazi wake ataima ndi zikwama. Mukaona per room ndiye wa chipinda chonse. Single supplement ndi yoonjezera imene amalipira munthu wogona yekha m'chipinda cha awiri, inu sikukukhudzani.

B&B ndi kugona ndi kadzutsa. DBB kapena half board ndi kugona, kadzutsa ndi chakudya chamadzulo, nkhomaliro mudzigulira. Full board ndi zakudya zonse zitatu koma zakumwa ayi, ngakhale Fanta amalemba pa bilu. All inclusive ndiye zakumwa zina zilimo, koma funsani kuti ziti, ndipo ku maloji a ku nkhalango funsani ngati game drive, kukaona nyama pa galimoto, ndi bwato zilimo komanso ndalama yolowera pa geti ya paki, imeneyo nthawi zambiri imakhala payokha. Self-catering mumaphika nokha, kwa banja la ana iyi ndiye imapulumutsa, mumagula chambo kapena kampango kwa asodzi mmawa pa gombe nkuwotcha nokha. Mufunsenso ngati VAT ndi tourism levy zili kale mu mtengowo, ena amaziika pamapeto.

Rack rate ndi mtengo wathunthu wolembedwa, wopanda kuchotsera. Resident rate ndi wa ife okhala m'dziko muno, umakhala wotsika ndipo malo ambiri amaulemba m'makwacha, koma mukasungitsa kudzera pa mawebusaiti akunja simuuona. Imbani foni pa loji penipeni, lankhulani Chichewa, funsani resident rate, pofika mutenge chiphaso cha unzika. Ku mapaki ngati Liwonde ndi Majete pa geti Mmalawi amalipira zochepa kwambiri kuyerekeza ndi mlendo wakunja, anthu ambiri sadziwa amangoti kumeneko nkwa azungu.

Tsono nyengo kuno ili pawiri ndipo musaisokoneze. Maloji odalira alendo akunja, a ku Liwonde, Majete, Nkhotakota, ngakhale South Luangwa ku Zambia, peak yawo ndi chilimwe, Julayi mpaka Okutobala, udzu wauma nyama zikusonkhana ku madzi, ku Liwonde njovu zimangotsikira ku Shire. Dzinja ndiye green season, mitengo imatsika kwambiri makamaka Januwale mpaka Malichi. Nyama zimabisika mu udzu ndipo misewu ina imavuta, koma mbalame zimachuluka, tchire lili biliwiri, ku Nyika ndi nthawi ya maluwa. Kungoti mufunse za msewu musananyamuke ngati galimoto yanu ndi yaing'ono.

Pamene malo a kunyanja amene timapitako ife eni, Mangochi, Senga Bay, Cape Maclear, Nkhata Bay, amadzadza pa Khrisimasi, Nyuwere, Isitala ndi wikendi ya Mothers Day ya pa 15 Okutobala. Masiku amenewo osayembekezera kuchotseredwa, malo ena amafuna mugone masiku osachepera awiri kapena atatu ndipo dipoziti sibwerera. Komanso mahotela akuluakulu mkati mwa sabata amakhala ndi ma workshop, pamene timaloji tating'ono mkati mwa sabata timakhala mbee, ndiye kumeneko Lolemba mpaka Lachinayi mutha kunenerera ndithu. Inu poti ndinu aphunzitsi vuto ndi loti holide yanu ndi ya aliyense, koma masiku oyambirira a Januwale Nyuwere itangodutsa kapena sabata yotsatira Isitala malo amakhala atapepuka. Juni ndi Julayi kunyanja kumawomba mwera, madzi amazizira ndipo mafunde amakula, ngati mayi akufuna kusambira ndi kukwera bwato kukaona mbuna ku Thumbi sankhani Epulo, Meyi kapena Sepitembala. Nthawi yolowa m'chipinda malo ambiri ndi 2 koloko masana, yotuluka 10 koloko mmawa, mukafuna kuchedwerako pemphani usiku wake osati nthawi itakwana.

Wamatikiti

A NaBanda pa funso lanu lija. Matikiti a kunja amawerengedwa m'madola, kwacha imangotsatira, ndiye mantha anuwo ndi omveka, mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti matikiti anadumpha sabata yomweyo. Komanso chifukwa cha kusowa kwa forex pena mtengo umene ejenti wa kuno akuuona umasiyana ndi umene munthu wa kunja akuuona pa ulendo womwewo. Nde viza ikatuluka chitani kuyerekeza tsiku limodzi, inu mutenge kotesheni kwa ejenti, mng'ono wanu alowe pa webusaiti ya kampani ya ndege yeniyeniyo osati mawebusaiti a pakati aja, masiku omwewo, 2PC yomweyo, malamulo osinthira omwewo. Akagula iyeyo ndi kadi yake asonyeze kuti wolipira si amene akuyenda, chifukwa makampani ena amafunsa kadiyo pa kauntala, ndipo awatumizire amayi risiti musindikize. Ubwino wa ejenti ndi woti zikavuta muli ndi munthu womugogodera pa ofesi, ndiye kusiyana kukakhala kochepa ine ndingagule kuno kwa ejenti wodziwika wokhala ndi ofesi yake.

Kumapeto kwa Meyi kuli half term ija anena anti, koma imavuta kwambiri ochoka uko, amayi akulowera kwina ndiye ingoonani masiku awiri atatu oyandikana. Chobwerera chisadutse pakati pa Julayi. Fomu ya viza muyambe kumayambiriro kwa Malichi, makalata a ku banki ndi kalata yowaitana zikhale zitakonzeka mu Febuluwale.

Dzina pa tikiti lilembedwe ndendende mmene lilili mu pasipoti, osati la ku tchalitchi kapena la kwa amuna awo ngati mu pasipoti mulibe, kukonza chilembo chimodzi kumavuta ndipo pena amalipiritsa. Muonenso tsiku lothera pasipotiyo panopa musanayambe chilichonse. Mankhwala a BP akhale mu chikwama cha m'manja m'mapaketi ake, okwanira masiku onse ndi oonjezera, pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Muwalembere pa pepala adiresi ndi nambala ya mng'ono wanu chifukwa a imigireshoni ku Manchester amafunsa kumene akukakhala ndi tsiku lobwerera, ndipo foni ya kuno ikhoza osagwira akangotera.